Tikusiya kulipira alimi pamanja, madepoti ena akutsekedwa: anthu ndiwauze nkhani yotani?

Mwale, Katete

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa kayendetsedwe ka anthu pantchito.

Kopaletivi yathu imagula soya, mtedza ndi mpendadzuwa kwa mamembala ake. Komiti yagamula kuti kuyambira nyengo yogula ikubwerayi zinthu zitatu zisinthe. Mlimi sadzalandiranso ndalama pamanja padepoti, izilowa m'foni mwake pa Airtel Money kapena MTN. Makalaliki asiya mabuku, azilemba pa tabuleti. Ndipo pa madepoti 7 amene tili nawo atsala 4, kutanthauza kuti pa makalaliki 14 atsala 10.

Zifukwa zake zilipo. Kuyenda ndi chikwama cha ndalama panjinga yamoto n'kuika moyo wa munthu pachiswe. Zolembedwa m'mabuku ndi matumba amene ali m'shedi nthawi zambiri sizigwirizana. Madepoti atatu otsekedwawo sadzaza n'komwe lole imodzi pamlungu. Koma nkhaniyi yatuluka kale tisanailengeze. Kumidzi akuti ndalama ya m'foni imasowa, ndipo makalaliki akunong'onezana kuti tabuleti yabwera kudzagwira akuba.

Mmodzi wa m'komiti anati pamsonkhano tisakawerenge manambala, tikawauze anthu nkhani. Ndavomera, koma poyambira sindikupaona. Nkhani yake iti? Aikambe ndani, kwa nthawi yaitali bwanji? Ikhale imodzi kwa alimi ndi antchito omwe? Misonkhano ili mu Epulo, tatsala ndi milungu 6.

Mayi Tembo, Chipata

A Mwale, anzanu a m'komitiwo anena zoona, koma manambala musawasiye kunyumba. Ntchito ya nkhani ndi imodzi: kuthandiza munthu kudziona ali mkati mwa chinthu chimene sanachionepo. Ikagwira, womvera amafunsa kuti "ndiye ndalama ilowa liti, nanga ikapanda kulowa ndipita kwa yani?" Apo mayankho ndi manambala akhale ali m'manja mwanu.

Chitsanzo chotchuka kwambiri pa luso limeneli chimanena za kwathu konkuno. Mu 1996, Stephen Denning, amene ankagwira ntchito ku World Bank, ankafuna kuti bankiyo izigawana ndi anthu zimene ikudziwa, osati kungobwereketsa ndalama. Malipoti ndi zojambula za manambala sizinasunthe anzake. Ndiye anayamba kukamba za wantchito wina wazaumoyo wa m'tauni yaing'ono ya ku Zambia, amene mu Juni 1995 analowa pa intaneti, patsamba la CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, la ku Atlanta, n'kupeza yankho la funso lake la kachiritsidwe ka malungo. Akatero ankawakumbutsa kuti banki yawo, ndi nzeru zonse zimene inali nazo, munalibemo m'nkhaniyo. Nkhaniyi kuikamba sikutenga mphindi yathunthu. Sitiuzidwa dzina la munthuyo kapena maonekedwe ake. Ankaiumitsa dala chotero kuti womvera asatanganidwe ndi munthu wa kutali, ayambe kuganiza za ofesi yake.

Yanunso ikhale yowonda. Mukhale munthu mmodzi yekha, wofanana ndi amene akumvetsera: mlimi wa matumba 5 kapena 10, osati wa thalakitala. Mukhale tsiku ndi malo amene anthu akuwadziwa, chifukwa tsiku ndi malo ndiwo amasiyanitsa nkhani yoona ndi yopeka. Kenako vuto limene anali nalo, chimene anachita, ndi chimene chinatsatira. Pomaliza chiganizo chimodzi chonena m'mene zikanathera pa njira yakale. Mphindi 2, zikachuluka 3. Ikapitirira apo anthu amayamba kuweruza wokambayo m'malo moganizira za iwo eni.

Musaipeke. Ku Katete anthu amadziwana, ndipo wina adzafunsa kuti "mayi ameneyo ndi wa mudzi wa yani?" Mukagwidwa kamodzi, zonse zimene mudzanene pambuyo pake zidzayesedwa bodza, ngakhale mtengo wa soya umene. Njira yopezera nkhani yoona m'milungu 6 ndi iyi: sankhani depoti imodzi, mupemphe alimi 15 kapena 20 ofuna okha, amene ali ndi soya woyambirira kapena mbewu yotsala ya chaka chatha, muwagule n'kuwalipira pafoni. Kalaliki alembe nthawi imene thumba lachoka pasikelo ndi nthawi imene uthenga walowa. Pakapita masiku atatu, wina akawafunse mafunso atatu okha: munkaopa chiyani, chinachitika n'chiyani, ndalamayo munaitulutsa kuti ndipo anakudulani zingati. Alembe mawu awo enieni, asawakonze. Pa anthu 20 mupezamo nkhani ziwiri kapena zitatu zogwira mtima. Mupemphe chilolezo kwa mwini wake musanatchule dzina lake pagulu, ndipo kuchuluka kwa ndalama imene analandira musakutchule konse, mungamuitanire akuba ndi obwereka.

Maonekedwe ake angakhale chonchi, ngakhale zenizeni mukazipeza nokha: "Lachiwiri lapitali mayi wina wa gulu lathu anabweretsa matumba 6 a soya pangolo. Ankaopa kuti abwerera chimanjamanja, soya atasiya, ndalama osaiona. Anapimitsa 10 koloko, napatsidwa lisiti. Mwana wawo asanamalize kumwetsa ng'ombe, foni inalira. Sanatulutse yonse. Anatenga yolipira eni ngolo ndi yogulira sopo ndi mchere, yotsalayo anaisiya m'foni. Chaka chatha mayi omwewa anadikira padepoti masiku awiri chifukwa ndalama inathera anzawo a kutsogolo." Mukafika apa khalani chete. Musawonjezere kuti "mwaonatu ubwino wake". Phunziro akalinena wokamba, limakhala la wokambayo. Akalinena womvera, ndi lake ndipo akalinyamula kupita nalo kumudzi.

Zimene zimaononga kawirikawiri ndi izi. Manejala amadziika yekha pakati pa nkhani, m'mene anaganizira, m'mene anavutikira kukopa komiti, ndipo anthu amangomva kuti zonsezi n'zofuna kutamanda bwana. Ena amatenga chitsanzo cha kutali, monga M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni ya ku Kenya imene inayamba mu 2007, mlimi n'kungoyankha mumtima kuti "uko ndi ku Kenya". Ena amakamba nkhani zinayi motsatizana poganiza kuti zikachuluka zikopa kwambiri, koma anthu amatuluka osakumbuka iliyonse. Ndipo nkhani yosalala kwambiri, yopanda pokhumudwitsa paliponse, imamveka ngati yotsatsa malonda pawailesi.

Za funso lanu lomaliza: ayi, isakhale imodzi. Nkhani ya mayi wa matumba 6 siyankha mantha a kalaliki. Ndipo kwa makalaliki musayerekeze kukamba nkhani ya mnzawo amene anaba. Onse 14 adzamva kuti mukunena iwo.

Bambo Zulu, Chipata

Mayi Tembo afotokoza bwino za alimi. Nkhawa yanga ili pa anthu 4 amene ntchito yawo ikutha, a Mwale, chifukwa nkhani imene idzayende kwambiri m'midzi yanu ndi ya m'mene mudzawachotsere anthu amenewa, kuposa iliyonse imene mungakonze papepala. Makalaliki ndi ana a m'midzi yomweyo. Amalume awo ndiwo mamembala anu.

Yambani ndi lamulo. Employment Code Act ya 2019, gawo 55, imati ntchito ya munthu ikamatha chifukwa malo ake sakufunikanso, wolemba ntchito adziwitse wantchitoyo kapena womuimira masiku osachepera 30 pasadakhale, apereke mpata wokambirana njira zochepetsera vutolo, ndiponso adziwitse a ofesi ya Labour masiku osachepera 60 ntchitoyo isanathe. Malipiro ake ndi osachepera a miyezi 2 pa chaka chilichonse chimene munthuyo wagwira. Milungu 6 ndi masiku 42. Ngati ku Labour simunalembe kale, tsiku lothetsa ntchito silingakhale m'kati mwa milungu 6 imeneyi. Amene analembedwa pa kontirakiti ya nyengo yogula yokha kawerengedwe kawo n'kosiyana, choncho tengani makontirakiti onse 14 mukawaonetse ku ofesiko musanalonjeze munthu aliyense kanthu.

Dongosolo la misonkhano likhale lotere: komiti iyambe yagwirizana mawu amodzi, kenako makalaliki onse pamodzi, kenako aliyense payekha mlungu womwewo, ndipo alimi pambuyo. Kalaliki akamva za ntchito yake kuchokera kwa mlimi pasikelo, mwamutaya, ngakhale akhale mmodzi wa otsala.

Pamsonkhano wa makalalikiwo, mphindi 5 zoyambirira musakambe nkhani kapena mwambi uliwonse. Apa ndikusiyana ndi anzanu a m'komiti aja. Munthu amene akudikira kumva ngati ntchito yake yatha samva china chilichonse, ndipo nkhani yokoma yotsogolera uthenga woipa imamveka ngati kunyengerera mbuzi popita nayo kokaipha. Nenani molunjika: malo 4 akutha, osankhidwa adzasankhidwa potsata izi ndi izi, wosankha ndi uyu, tsiku ndi ili, malipiro ndi awa, ndipo amene ali ndi ganizo lina lopulumutsira malo ena alibweretse pofika tsiku lakuti. Muwapatsenso zomwezo zolembedwa, tsamba limodzi, chifukwa theka la zimene mwanena adzaiwala ndi mantha.

Malo a nkhani ndi pambuyo pake, ndipo oyamba kukamba akhale iwo. William Bridges, amene anaphunzira kwambiri za m'mene anthu amalandirira kusintha pantchito, ankaphunzitsa kuti munthu amayamba ndi kutsanzikana ndi chakale, ndipo sangalowe m'chatsopano asanatero. Kwathu kuno si zachilendo zimenezi. Ndiye pemphani kalaliki amene wakhalitsa afotokoze m'mene depoti yake inayambira, sikelo yoyamba inapachikidwa pamtengo uti, chaka chimene mvula inagwa matumba ali panja anachita bwanji. Perekani ola lathunthu. Manejala amvetsere, asadule mawu, asakonze zaka. Mabuku akale aja musawatenthe kapena kuwaponya kuseri kwa shedi anthu akuona. Aikeni pa shelefu muofesi. Munthu amene walemba m'buku zaka 8 akaona likunyozedwa amamva kuti zaka zakezo ndizo zanyozedwa.

Kwa 10 otsalawo, nkhani yogwira ndi ya ntchito ya kalaliki weniweni: kukhala usiku ndi tochi kuwonkhetsa masamba a kaboni, tsamba limodzi litanyowa inki n'kufufutika, m'mawa mwake n'kuyamba kukayikiridwa pa matumba amene sanawakhudze. Tabuleti imasunga nthawi ndi kulemera kwa thumba lililonse, ndiye imakhala mboni ya kalaliki woona mtima. Koma izi muzinene pokhapokha mutavomereza mbali inayo. Mwalemba nokha kuti mabuku ndi katundu sizigwirizana. Akakufunsani ngati tabuleti yabwera chifukwa cha zimenezo, yankhani kuti inde, ndi chimodzi mwa zifukwa zitatu. Mukakana adzadziwa kuti mukunama, pakuti kusiyanako amakudziwa kuposa inu.

Mawu awiri awa asatuluke pakamwa panu: "palibe amene adzavutike" ndi "ndife banja limodzi". Oyambawo simungawakwaniritse. Achiwiriwo adzabwezedwa kwa inu tsiku lopereka makalata.

A Banda, Sinda

A Mwale, alimi anu sabwera kumsonkhano ndi makutu opanda kanthu. Ali kale ndi nkhani yawo ya ndalama yosaoneka ndi maso, ndipo ndi ya e-voucher, khadi logulira feteleza ndi mbewu. Pamene njira imeneyi ya FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, inafalitsidwa dziko lonse m'nyengo ya 2017/2018, alimi ambiri anapereka K400 yawo koma makhadi anachedwa kutsegulidwa, feteleza n'kufika chimanga chitakula kale. Mukangotchula "ndalama ya m'foni", zimenezo n'zimene zikubwera m'mitu mwawo. Musazilambalale. Zitchuleni ndinu oyamba, mufunse amene zinamuchitikira afotokoze, kenako musonyeze pamene njira yanu ikusiyana: ndani akutumiza ndalama, m'maola angati, ndipo ikachedwa mlimi agwira ndani amene akumudziwa nkhope ndi kwawo.

Alinso ndi nkhani ina imene inatha bwino, ndipo ambiri amaiiwala. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kukhala K1. Anthu ankaopa kuti aberedwa. Chimene chinathandiza n'chakuti ndalama zakale ndi zatsopano zinayendera limodzi miyezi 6, mpaka pa 30 Juni, ndipo m'masitolo mitengo inkalembedwa pawiri. Agogo ankatha kuyerekeza okha. Inunso siyani chinthu chakale chimodzi m'manja mwa mlimi. Ngati komiti singalole kuti mwezi woyamba munthu asankhe yekha pakati pa foni ndi pamanja, lisiti la pepala lokha lisachoke: dzina, makilo, mtengo, nambala ya foni, siginecha ya kalaliki. Mlimi amene wasiya matumba ake n'kubwerera wopanda chogwira m'manja sagona tulo.

Tsopano kakambidwe. Nthano ya kwathu siyenda ndi munthu mmodzi. Wokamba akati "panangokhala", omvera amati "tili tonse", ndipo akasiya kuyankha wokamba amadziwa kuti watsala yekha. Msonkhano wa anthu 300 pabwalo la sukulu, akuluakulu ali patebulo lansalu ndi chimkuzamawu, sungakuuzeni ngati muli tonse kapena ayi. Aombera m'manja n'kukakamba zenizeni pobwerera. Gawani m'magulu a anthu 25 kapena 30, pamudzi pawo, ndipo kwa a nyakwawa mupite tsiku lina m'mbuyo, muwafotokozere zonse, madepoti otsekedwa omwe. A nyakwawa akamva nkhani yotere koyamba pagulu limodzi ndi anthu awo, sadzakutsutsani pamaso, koma sadzakuthandizaninso.

Wokamba akhale mwini nkhani, mlimi uja analipidwa pafoni, m'chilankhulo chake, foni ili m'manja kuti ofuna aone uthengawo. Manejala alankhule pambuyo, kuyankha mafunso. Wokambayo musamulowezetse mawu. Akachita chibwibwi pang'ono, anthu amamukhulupirira kwambiri.

Amayi akhale ndi gulu lawo padera, ndipo ichi musachione chopepuka. Kuno kum'mawa mtedza m'mabanja ambiri ndi mbewu ya amayi. Polipira pamanja, mayi ankalandira yekha n'kumanga pansonga ya chitenje. Foni ya pakhomo kawirikawiri ndi ya bambo, SIM inalembetsedwa ndi NRC (chitupa cha boma) ya bambo, PIN akudziwa ndi bambo. Funso lakuti "ndalama ya mtedza wanga ilowa m'foni ya yani?" silidzafunsidwa amuna ali pomwepo, koma ndilo lidzachititse amayi kukagulitsa kwa mavenda a pamsewu ngakhale mtengo uli wotsika. Choncho mwa nkhani zanu, imodzi ikhale ya mayi amene ali ndi SIM yakeyake, ndipo tsiku la msonkhano mubwere ndi ajenti wolembetsa SIM, mutawauziratu amayi kuti atenge NRC. SIM yokha ndi yokwanira poyamba, angathe kuiika m'foni yobwereka.

Pa miyambi samalani. Mwambi uli ndi mnzake woutsutsa. Mukati "mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa", mkulu wina kumbuyo adzayankha modekha kuti "fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo", anthu n'kuseka, msonkhano n'kuthera pomwepo iye atapambana. Miyambi isiyireni a nyakwawa potseka, ngati akhutira.

M'nkhani yanu muikemo chinthu chimodzi chimene chinalakwika ndi m'mene chinakonzedwera, chifukwa zolakwika zidzakhalapo. Nambala imodzi ikalembedwa molakwa ndalama imapita kwa munthu wina, ndiye kalaliki aziimba nambalayo foni ilire pamaso pake asanailembe, ndipo dzina lotuluka lifanane ndi la pa NRC. Ajenti wa pamsika float, ndalama yopatsa otulutsa, imamuthera alimi 40 akabwera tsiku limodzi, choncho maajenti a pafupi ndi madepoti 4 aja auzidwe masiku ogula mlungu wathunthu pasadakhale. Netiweki imasowa m'malo ena, ndiye yesani tabuleti pamalo enieni pamene sikelo idzakhale, osati pamsewu. Ndalama yodulidwa potulutsa, gamulani msonkhano usanachitike kuti alipira ndani, ndipo munene. Komanso nyengo yogula ndiyo nyengo ya mauthenga a akuba aja akuti "tumizani pa nambala iyi". Anthu amve kuchokera kwa inu kuti kopaletivi sidzaimbira munthu foni kumufunsa PIN.

Za madepoti atatu otsekedwa, palibe nkhani imene ingafupikitse msewu. Mlimi amene ankayenda makilomita 3 ndipo tsopano ayenda 12 akufuna kumva za tsiku limene lole idzaima pamudzi pawo, kapena zimene muwonjezere pa kilo kuti alipire ngolo. Ngati yankho mulibe, kumidzi imeneyo musapite ndi nkhani ya foni, pitani kukafunsa.

Mwale, Katete

Zikomo kwambiri nonse. A Zulu, za masiku 60 zija ndazitengera kwa apampando lero lomwe, ndipo kalata ya ku Labour ilembedwa mlungu uno. Za SIM ya amayi, a Banda, m'komiti palibe amene anaziganizira. Tiyesa kugula koyamba padepoti imodzi monga mwanenera, Mayi Tembo.

Ndatsala ndi ziwiri. Ndidziwa bwanji kuti nkhani yagwira, poti anthu pamaso amavomera zonse? Nanga ndalama ya mlungu woyamba ikachedwa titakamba kale nkhani yokoma, tidzabwerera bwanji kwa anthu?

Mayi Phiri, Chadiza

A Mwale, nkhani yagwira ngati ikukambidwa inu kulibe. Pakapita masiku atatu chichitikire msonkhano, tumani munthu amene si wa muofesi, mwina mlimi wotsogolera gulu kapena mwana wasukulu wamkulu wodalirika, akafunse anthu 10 pachigayo, pamjigo ndi potuluka kutchalitchi. Funso likhale limodzi: "kumsonkhano kuja kunanenedwa zotani?" Mwa 10 amenewo, theka akhale amene sanapiteko, chifukwa iwo ndiwo akuonetseni chimene chikuyenda pakamwa. Alembe mawu awo momwe anenera. Mukamva "akuti mayi wakuti analandira ng'ombe zisanamwe madzi", yagwira. Mukamva "akuti madepoti atsekedwa" basi, ndiye kuti chimene chinalowa ndi chotayika chokha, ndipo kumudzi umenewo mubwerereko ndi yankho la mayendedwe. Mukamva chinthu chimene simunanene, monga kuti wopanda foni achotsedwa umembala, chiyankheni mlungu womwewo kudzera mwa a nyakwawa ndi atsogoleri a magulu, musadikire msonkhano wina.

Kamodzi sikakwana. John Kotter, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard, analemba mu 1995 kuti chimodzi mwa zolakwa zazikulu za atsogoleri posintha zinthu n'kulankhula za kumene akupita mochepa kwambiri, kakhumi kuchepera pa m'mene zimafunikira. Manejala amatopa nayo nkhani pamene anthu ambiri angoimva koyamba. Koma kubwereza sikutanthauza kukamba za mayi mmodzi yemweyo mpaka Ogasiti. Milungu iwiri iliyonse kalaliki wa depoti iliyonse abweretse nkhani imodzi yatsopano ya pamalo pake, yabwino kapena yoipa, ndipo yakaleyo ipume. Izi zimathandizanso makalaliki 10 aja kukhala eni nkhani, osati ongoikidwa tabuleti m'manja. Za wailesi, monga pulogalamu yoimba foni pa Breeze FM, dikirani mpaka alimi a madepoti onse 4 atalandirapo. Mukapita msanga, oimba foni adzakhala amene ali ndi mantha okha, opanda wowayankha amene walandira.

Ndalama ikachedwa, lamulo ndi lakuti amve kwa inu asanayambe kufunsa. Pasanathe maola 24, manejala mwini afike padepoti, osati kutuma kalaliki kuti akatukwanidwe m'malo mwake. Anene chimene chachitika m'mawu osavuta, anthu angati akhudzidwa, ndi tsiku limene ndalama ilowe, ndipo tsiku limenelo likhale lomwe ali nalo chitsimikizo, ngakhale likhale lakutali kuposa limene anthu akufuna kumva. Kulonjeza mawa katatu kumaononga kuposa kunena Lachisanu kamodzi. Amene ali ndi vuto la msanga, matenda kapena maliro, pakhale kandalama kapadera kowalipira pamanja tsiku lomwelo, ndipo komiti ivomereze kuchuluka kwake nyengo isanayambe. Musayese kuphimba ndi nkhani ina yokoma mlungu umenewo. Zikakonzeka, kuchedwako ndi kukonzedwa kwake ndiko kudzakhale nkhani yanu yamphamvu kuposa yoyamba ija, ndipo aikambe mmodzi wa amene anadikira.

Padepoti iliyonse pachikani bolodi lakuda, kalaliki azilemba ndi choko madzulo alionse zinthu zitatu: alimi amene apimitsa lero, amene alandira, amene akudikira. Mayina ndi ndalama asalembe. Pansi pake pakhale nambala ya foni ya munthu mmodzi wolandira madandaulo, nambala yomweyo idindidwenso kuseri kwa lisiti, ndipo foniyo izikhala yoyaka Loweruka ndi Lamlungu lomwe, pakuti ambiri amapita kwa ajenti masiku amenewo. Ndipo muonetsetse kuti makalaliki 4 aja alandira zawo zonse pa tsiku lawo lomaliza, osati kuuzidwa kuti adikire soya agulitsidwe.